Kujambula x[n] yopangidwa ndi masitepe osunthidwa: galafu ya papepala ikusiyana ndi ya pakompyuta

Mphukira_22 analemba:

Moni nonse. Ndikuphunzira masiginolo a nthawi yodukizadukiza, aja amalembedwa ndi mabulaketi a makona monga x[n], ndipo tafika pa mutu wa unit step, sitepe imene imalembedwa u[n]. Tanthauzo la u[n] silikundivuta, chifukwa ndikudziwa kuti imakhala 1 pamene n ili ziro kapena kuposa ziro, ndipo imakhala ziro pa n iliyonse yochepera ziro. Chimene chikundisokoneza ndi kujambula siginolo imene yapangidwa pophatikiza masitepe angapo osunthidwa, ena kumanja ena kumanzere. Tapatsidwa masiginolo awiri oti tiwajambule kuyambira pa n = −6 mpaka pa n = 9:

x[n] = u[n+3] + 2u[n−1] − 4u[n−4] + u[n−6]

y[n] = u[2−n] − u[−n−3]

Pa x[n] ndinajambula sitepe iliyonse payokha papepala kenako n'kuwaphatikiza onse, ndipo ndikuona kuti msinkhu wa siginoloyi umayamba ndi 1, umakwera kufika pa 3, umatsika kufika pa −1, kenako umabwerera pa ziro. Koma pamalo enieni osinthirapo sindikudziwa kuti ndiike nambala iti. Kodi pa n = 4 siginoloyi ikadali pa 3, kapena yatsika kale kufika pa −1? Nanga pa n = 6? Nditafuna kutsimikiza pakompyuta pogwiritsa ntchito fankishoni ya heaviside, ndinapeza manambala ena achilendo, omwe ndi 0.5 pa n = −3, 2 pa n = 1, 1 pa n = 4 ndi −0.5 pa n = 6. Galafu yakenso inatuluka ya mizere yopendekeka yolumikiza madontho, pamene m'mabuku ndimaona tindodo toimirira tokhala ndi kadontho pamwamba.

Pa y[n] ndiye sindikudziwa n'komwe poyambira. Lamulo limene ndinaloweza limati chizindikiro chochotsera chimasunthira siginolo kumanja ndipo chizindikiro chophatikiza chimaisunthira kumanzere. Ndikalitsatira, u[−n−3] iyenera kukhala ndi malire ake pa n = 3, ndipo u[2−n] pa n = −2, koma ndikaika manambala m'mabulaketi zimenezi sizikugwirizana. Ndikupempha amene akudziwa njira yodalirika yojambulira masiginolo a mtundu umenewu kuti andithandize, makamaka njira imene ndingaigwiritse ntchito popanda kompyuta.

Chiphaliwali anayankha:

A Mphukira, funso lanu la pa n = 4 limayankhidwa ndi tanthauzo lomwelo limene mwalemba kumayambiriro, bola mulitsatire mpaka pamapeto. Sitepe iliyonse imafunsa funso limodzi lokha: kodi nambala imene ili m'mabulaketi ndi ziro kapena yoposa ziro? Ngati ndi choncho, sitepeyo ndi 1. Pa n = 4, m'mabulaketi a u[n−4] muli 4 − 4, kutanthauza ziro, ndipo u[0] ndi 1. Choncho −4u[n−4] yayamba kale kugwira ntchito pa n = 4 pomwepo, osati pa n = 5, ndipo msinkhu wa siginolo pamenepo ndi 1 + 2 − 4, womwe ndi −1. Chimodzimodzinso pa n = 6, u[n−6] ndi 1 kale, ndiye msinkhu wabwerera pa ziro. Sampulo (msinkhu wa siginolo pa n imodzi) yomaliza yokhala ndi −1 ili pa n = 5.

Ine sindilimbikitsa njira yojambula sitepe iliyonse pa galafu yakeyake n'kumaphatikiza ndi maso. Njirayo si yolakwika, koma masitepe akakhala anayi kapena asanu munthu amasokonekera pa malire, pomwenso mpamene pali phunziro lonse. Njira imene ndimaikonda ndi yoona u[n−k] ngati switchi imene imayatsidwa pa n = k ndipo siizimitsidwanso. Nambala imene ili kutsogolo kwa sitepeyo ndiyo kuchuluka kwa zimene zimawonjezeka pa siginolo kuyambira pomwe yayatsidwapo. Mukaiona motere, ntchito yanu ndi yongosanja malo oyatsira kuyambira kumanzere kupita kumanja n'kumasunga chiwerengero. Pa siginolo yanu malo amenewa ndi −3, 1, 4 ndi 6. Tisanafike pa −3 palibe sitepe imene yayamba, ndiye msinkhu ndi ziro. Pa −3 mukuwonjezera 1, ndipo msinkhu umakhala pa 1 mpaka pa n = 0. Pa 1 mukuwonjezera 2, ndipo umakhala pa 3 mpaka pa n = 3. Pa 4 mukuchotsa 4, ndipo umakhala pa −1 pa n = 4 ndi n = 5. Pa 6 mukuwonjezera 1, ndipo umakhala pa ziro mpaka kalekale. Mukalemba manambala onse 16 kuyambira pa n = −6 mpaka pa n = 9 mupeza awa:

0, 0, 0, 1, 1, 1, 1, 3, 3, 3, −1, −1, 0, 0, 0, 0

Tebulo limeneli muzililemba nthawi zonse musanajambule, n pamzere wapamwamba ndipo x[n] pamzere wapansi. Galafu imangokhala kukopera tebulolo, kandodo kamodzi pa n iliyonse.

Pali zinthu ziwiri zimene mungatsimikizire nazo yankho lanu popanda makina. Choyamba ndi kuphatikiza manambala onse a kutsogolo kwa masitepe. Apa 1 + 2 − 4 + 1 zikupereka ziro, zimene zikusonyeza kuti masitepe onse akayamba siginolo imatha. Zikanapereka 2, mwachitsanzo, siginoloyo ikanakhala pa 2 mosalekeza kumanja, ndipo galafu imene ikanasonyeza kuti yabwerera pa ziro ikanakhala yolakwika. Chachiwiri ndi kuwerenga masampulo a gawo lililonse. Siginolo ya u[n−a] − u[n−b] imakhala 1 kuyambira pa n = a mpaka pa n = b − 1, ndipo masampulo ake ndi okwana b − a. Pakati pa −3 ndi 1 payenera kukhala masampulo anayi, pakati pa 1 ndi 4 atatu, pakati pa 4 ndi 6 awiri, ndipo ndi momwemo m'manambala ali pamwambawa.

Mfundo yachiwiriyi ndi imene ophunzira ambiri amatayirapo malikisi. Wina akauzidwa kuti alembe siginolo imene ili 1 kuyambira pa n = 0 mpaka pa n = 5, amalemba u[n] − u[n−5], osazindikira kuti sitepe yachiwiriyo yafufuta sampulo ya pa 5 yomweyo. Yankho loona ndi u[n] − u[n−6], chifukwa kuyambira pa 0 mpaka pa 5 pali masampulo 6. Chizolowezichi chimachokera ku masiginolo a nthawi yosadukiza, kumene u(t) − u(t−5) imayambadi pa 0 n'kuthera pa 5 ndipo palibe amene amadandaula za kadontho kamodzi ka pamapeto. Mukakayikira, kumbukirani kuti u[n] − u[n−1] ndi δ[n], kandodo kamodzi kokha pa n = 0. Sitepe yochotsedwayo ikanakhala kuti siifufuta sampulo ya pamalo ake, δ[n] ikanakhala ndi tindodo tiwiri.

Pa y[n] funso ndi lomwelo, lofufuza kumene nambala ya m'mabulaketi ili ziro kapena kuposa. Liyeseni kaye musanabwerere ku lamulo la kumanja ndi kumanzere lija.

Nyenyezi47 anayankha:

Zimene alemba a Chiphaliwali ndi zoona, ndipo ine ndingofotokoza mbali ya kompyuta, chifukwa manambala achilendo amene mwapezawo ali ndi chifukwa chake. Fankishoni ya heaviside ya mu pulogalamu ya masamu ya MATLAB inakonzedwera nthawi yosadukiza, ndipo ikapatsidwa ziro imabweza 0.5, osati 1. Dzina lake linachokera kwa Oliver Heaviside, katswiri wa ku England amene anabadwa mu 1850 n'kumwalira mu 1925, yemwe ankagwiritsa ntchito sitepe imeneyi pofufuza mmene magetsi amayendera m'mawaya a telegalafu. M'masamu a nthawi yosadukiza kuika theka pamalo odumphira n'komveka, chifukwa Fourier series (kulemba siginolo ngati mafunde ophatikizidwa) ya siginolo yodumpha imafikira pakati penipeni pa kudumphako, ndiponso kadontho kamodzi sikasintha integral iliyonse. Mu nthawi yodukizadukiza zinthu ndi zosiyana, popeza kadontho kamodzi ndi sampulo yathunthu, ndipo u[0] ndi 1 popanda mtsutso.

Mukawerengera mupeza kuti manambala anu onse anayi akuchokera pa theka limeneli. Pa n = −3, sitepe yoyamba yapereka 0.5. Pa n = 1, muli 1 wa sitepe yoyamba kuphatikiza theka la 2, zomwe ndi 2. Pa n = 4, muli 3 kuchotsa theka la 4, zomwe ndi 1. Pa n = 6, muli −1 kuphatikiza 0.5. Ndiwonjezere kanthu kena kamene kamapusitsa anthu: mukaphatikiza masampulo onse a siginolo yolondola mumapeza 11, ndipo mukaphatikiza a siginolo ya mathekayi mumapezanso 11, chifukwa matheka owonjezeka ndi ochotsedwa amafafanizana pamene manambala a kutsogolo kwa masitepe akupereka ziro. Choncho kuphatikiza masampulo sikungakuululireni vutoli. Mphamvu ya siginolo ndiyo imaliulula. Mukachulukitsa sampulo iliyonse ndi iyo yomwe n'kuphatikiza zonse, yolondola imapereka 4 + 27 + 2, kutanthauza 33, pamene ya matheka imapereka 27.5.

Mu MATLAB n'zotheka kusintha nambala ya pa ziroyo kudzera mu sympref, ndipo mu NumPy ya Python fankishoni ya heaviside imafuna kuti inuyo muipatse nambala yachiwiri yoti ibweze pa ziro, monga np.heaviside(n, 1). Komabe ine ndimaona kuti ndi bwino kudzilembera sitepe yanu, chifukwa ndi mzere umodzi ndipo tanthauzo lake limaoneka poyera. Mu MATLAB kapena GNU Octave:

n = -6:9;
u = @(k) double(k >= 0);
x = u(n+3) + 2*u(n-1) - 4*u(n-4) + u(n-6);
stem(n, x, 'filled')

Mu Python:

n = np.arange(-6, 10)
u = lambda k: (k >= 0).astype(int)
x = u(n+3) + 2*u(n-1) - 4*u(n-4) + u(n-6)
plt.stem(n, x)

Onani kuti mu Python ndalemba 10 kuti ndifike pa 9, chifukwa arange siiphatikiza nambala yomaliza, pamene -6:9 ya MATLAB imaiphatikiza. Mawu akuti astype(int) nawonso musawachotse. Popanda iwo NumPy imasunga True ndi False, ndipo ikauzidwa kuchotsa array (mndandanda wa masampulo) ina ya mtundu umenewu kwa inzake imakana n'kupereka uthenga wa vuto. Choopsa kwambiri n'chakuti ikauzidwa kuphatikiza siikana, koma True kuphatikiza True imabweza True, ndiye pamalo pamene panayenera kukhala 2 pamatuluka 1 popanda chenjezo lililonse.

Mizere yopendekeka imene mwaiona yabwera chifukwa cha lamulo la plot, limene limalumikiza madontho ndi mizere yowongoka. Galafu yotereyi imanena zabodza pa siginolo ya x[n], chifukwa imasonyeza ngati pa n = 3.5 pali msinkhu winawake, pamene siginoloyi pamenepo kulibe. Sikuti pakati pa masampulo pali ziro, koma kuti siginoloyo inafotokozedwa pa manambala athunthu okha. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito stem, imene imaimika kandodo pa n iliyonse n'kusiya mpata pakati. Palinso stairs mu MATLAB ndi step mu Matplotlib ya Python, zimene zimajambula makwerero okongola, koma zimenezo zimasonyeza siginolo ya nthawi yosadukiza imene imagwira msinkhu umodzi mpaka sampulo yotsatira. Ndiponso step ya Matplotlib, mukapanda kuiuza where='post', imakokera msinkhu uliwonse kumanzere, moti kudumpha konse kumaoneka ngati kwachitika sampulo imodzi nthawi yake isanakwane.

Chomaliza, nthawi zonse muzipereka n ku stem pamodzi ndi x. Mukangolemba stem(x), MATLAB imaika masampulo kuyambira pa 1 mpaka pa 16, ndipo sitepe yanu yoyamba imaoneka pa 4. Python imawaika kuyambira pa 0 mpaka pa 15, ndipo sitepe yomweyo imaoneka pa 3. Malo a sampulo mu array ndi nthawi yake n ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kwake kumaonekera kwambiri pamene siginolo ili ndi masampulo kumanzere kwa ziro.

Mphukira_22 anayankha:

Zikomo kwambiri a Chiphaliwali ndi a Nyenyezi. Tsopano galafu ya x[n] ya papepala ndi ya pakompyuta zikufanana. Pa y[n] ndatsatira malangizo oika manambala m'mabulaketi, ndipo ndapeza tindodo tisanu ta msinkhu wa 1 kuyambira pa n = −2 mpaka pa n = 2. Koma ndikufunabe kumvetsa chifukwa chimene lamulo la kumanja ndi kumanzere likuoneka ngati latembenuka pamenepa, ndiponso njira yosunga chiwerengero ija sindikuona mmene ingagwirire ntchito pa sitepe imene ili 1 kale kuchokera kumanzere kwenikweni. M'ntchito yomweyi mulinso u[2n−3] ndi u[n+2]u[3−n], yomalizayi ikuchulukitsa masitepe m'malo mowaphatikiza. Kodi zimenezi zimajambulidwa motani?

Namasamu anayankha:

A Mphukira, yankho lanu la y[n] ndi lolondola. Lamulo limene munaloweza si labodza, koma ndi losakwanira, chifukwa limanena za kulowetsa n − k m'malo mwa n, osati za chizindikiro chilichonse chimene mwachiona m'mabulaketi. Pamene n ili ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo kwake muyenera kuchitulutsa kaye. Mukatero u[2−n] imakhala u[−(n−2)], kutanthauza u[−n] yosunthidwira kumanja ndi masampulo awiri, ndipo u[−n−3] imakhala u[−(n+3)], kutanthauza u[−n] yosunthidwira kumanzere ndi masampulo atatu. Lamulo lija likugwirabe ntchito, kungoti chizindikiro choyenera kuchiyang'ana ndi cha m'mabulaketi am'katiwo. Mukhozanso kuyamba ndi kusuntha: tengani u[n+2], imene imayambira pa −2, kenako itembenuzeni pa n = 0 kuti malire ake apite pa 2. Njira zonse ziwiri zimafika pa yankho limodzi, koma mbali yosunthira imadalira chimene mwayamba nacho, ndipo apa mpamene anthu amasokonezekera. Ine ndimaona kuti kuthetsa 2 − n ≥ 0 n'kupeza n ≤ 2 n'kwachangu kuposa kukumbukira malamulo onsewa, ndipo sikulephera.

Pa njira ya a Chiphaliwali ndikufuna kuikapo chenjezo limene iwo sanalitchule. Kusanja malo oyatsira n'kumawonjezera, ndiponso kuyesa ngati manambala a kutsogolo akupereka ziro, zimagwira ntchito mwachindunji pa masitepe oyang'ana kumanja okha. Sitepe yotembenuzidwa imakhala 1 kuchokera kumanzere kosatha ndipo imazima, koma siizima pamalire ake, imazima pa sampulo yotsatira. Pa n = 2, u[2−n] ndi u[0], yomwe ndi 1, ndipo ziro yake yoyamba ili pa n = 3. Kuti mugwiritse ntchito njira yawoyo, sinthani kaye sitepe iliyonse yotembenuzidwa motere:

u[k−n] = 1 − u[n−k−1]

Potsatira zimenezi u[2−n] ndi 1 − u[n−3], ndipo u[−n−3] ndi 1 − u[n+2]. Mukachotsa yachiwiri ku yoyamba ma 1 awiriwo amafafanizana, ndipo y[n] imatsala u[n+2] − u[n−3], imene ili ndi masampulo 3 − (−2), kutanthauza asanu, monga mwapezera.

1 wochotsedwa m'mabulaketiyo ndi wofunika kumumvetsa bwino. Mu nthawi yosadukiza anthu amalemba u(−t) = 1 − u(t) osadandaula, koma u[−n] siilingana ndi 1 − u[n], chifukwa u[n] ndi u[−n] zonse zili 1 pa n = 0, ndipo mukaziphatikiza mumapeza 2 pamenepo ndi 1 pena paliponse. Imene imakwaniritsa u[n] kuti pakhale 1 paliponse ndi u[−n−1]. Mukadzafika pa z-transform mudzakumana ndi −aⁿu[−n−1] kawirikawiri, ndipo 1 ameneyo ndi yemweyu.

Pa u[2n−3], thetsani 2n − 3 ≥ 0. Mupeza kuti n iyenera kukhala 1.5 kapena kuposa, ndipo popeza n ndi nambala yathunthu, yoyamba kukwaniritsa zimenezi ndi 2. Choncho u[2n−3] ndi chimodzimodzi ndi u[n−2], ndiponso ndi u[2n−4]. Musailembe ngati u[n−1.5], chifukwa m'mabulaketi a makona muyenera kutuluka nambala yathunthu pa n iliyonse, ndipo n − 1.5 siitero. Pa chifukwa chomwecho u[n/2] ili ndi tanthauzo pa n zogawika ndi 2 zokha, ndipo m'maphunziro a upsampling (kuchulukitsa chiwerengero cha masampulo) pa n zinazo amaikapo ziro, moti galafu yake imakhala 1, 0, 1, 0 kupita kumanja. Fankishoni ya mzere umodzi imene apereka a Nyenyezi siingazindikire zimenezi, chifukwa ikapatsidwa 0.5 imangoona kuti yaposa ziro n'kubweza 1, ndiye pamenepo muyenera kudziikira nokha maziro.

Kuchulukitsa masitepe n'kosavuta, popeza zotsatira zake zimakhala 1 pokhapokha onse awiri ali 1. Ya u[n+2] imafuna n ≥ −2, ndipo ya u[3−n] imafuna n ≤ 3, choncho muli tindodo 6 kuyambira pa −2 mpaka pa 3, malire onse awiri ali momwemo. Siginolo yomweyi mukailemba mochotsera ndi u[n+2] − u[n−4]. Onani kuti 3 wasanduka 4. Masitepe awiri oyang'ana kumanja akachulukitsidwa amatsala ochedwa kuyamba, monga u[n−1]u[n−4] imene ili u[n−4] basi. Kusiyana kwina pakati pa kuchulukitsa ndi kuchotsera kumaoneka malire akasemphana. Siginolo ya u[n−5]u[2−n] ndi ziro paliponse, chifukwa palibe n imene ili 5 kapena kuposa komanso 2 kapena kuchepera. Koma u[n−5] − u[n−3] si ziro, ili ndi −1 pa n = 3 ndi pa n = 4.

Chiphaliwali anayankha:

Chenjezo la a Namasamu ndi loyenera, ndipo ndi kusintha kumene apereka njira yosunga chiwerengero imagwira pa masitepe a mbali zonse ziwiri. Chongowonjezera n'chakuti ngati ma 1 aja sanafafanizane, nambala yotsalayo ndiyo msinkhu woyambira kumanzere, ndipo chiwerengero chanu chiyambire pamenepo m'malo moyambira pa ziro.

A Mphukira, mafunso a mtundu umenewu amabweranso motembenuka: amakupatsani galafu n'kukuuzani kuti muilembe ndi masitepe. Njira yake ndi yomweija koma yobwerera m'mbuyo. Yendani kuchokera kumanzere, ndipo paliponse pamene msinkhu wasintha lembani sitepe yoyambira pa sampulo yoyamba ya msinkhu watsopano, nambala yake ya kutsogolo ikhale x[k] − x[k−1]. Tiyerekeze kuti galafu ili ndi 2 pa n = 0 ndi n = 1, 5 pa n = 2, 1 pa n = 3 ndi n = 4, ndipo ziro pena ponse. Pa 0 yakwera ndi 2, pa 2 yakwera ndi 3, pa 3 yatsika ndi 4, ndipo pa 5 yatsika ndi 1. Yankho ndi 2u[n] + 3u[n−2] − 4u[n−3] − u[n−5]. Sitepe yomalizayo ili pa 5 ngakhale kuti pa galafu kandodo komaliza kali pa 4, ndipo ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Pakompyuta diff([0 x]) ya MATLAB imakupatsani manambala a kutsogolowa mwachindunji, ndipo cumsum imakubwezerani siginolo yoyamba, chifukwa u[n] ndi kuphatikiza δ[k] yonse kuyambira kumanzere kosatha mpaka pa n.

Mudzakumananso ndi masitepe ogwiritsidwa ntchito podula siginolo ina. Pamenepo pezani kaye kumene masitepewo ali 1, kenako werengerani siginolo inayo pa n zimenezo zokha. Siginolo ya n(u[n] − u[n−4]) imapereka 0, 1, 2, 3 pa n = 0 mpaka 3. Masampulo ake ndi anayi ngakhale kuti tindodo tooneka ndi titatu, ndipo kadontho ka pa n = 0 kayenera kujambulidwa pamzere wopingasa, monganso maziro ena onse a m'chigawo chimene mwauzidwa kujambula. Samalaninso ndi chimene chasunthidwa. Mu (0.5)ⁿu[n−2] sitepe yokha ndiyo yasuntha, ndiye kandodo koyamba, pa n = 2, kali ndi msinkhu wa 0.25, ndipo kotsatira 0.125. Mu (0.5)ⁿ⁻²u[n−2] siginolo yonse yachedwa ndi masampulo awiri, ndiye kandodo koyamba, pa n = 2 pomwepo, kali ndi msinkhu wa 1, ndipo kotsatira 0.5. Makina ochedwetsa siginolo amatulutsa yachiwiriyi.

Masiginolo awiri omalizawa satha kumanja, monganso u[n] yeniyeniyo, ndipo galafu iliyonse imangosonyeza chigawo chake. Papepala ikani timadontho titatu pambuyo pa kandodo komaliza posonyeza kuti ikupitirira. Pakompyuta sankhani n yoyambira masampulo awiri kapena atatu kumanzere kwa sitepe yoyamba ndi yothera masampulo awiri kapena atatu kumanja kwa sitepe yomaliza. Pa x[n] yanu, mukanathera pa n = 5 galafu ikanasonyeza ngati siginoloyo imakhala pa −1, ndipo u[n−6] sikanaoneka n'komwe.